Santarém, doko la pamatsiriro a Tapajós

Sitima yonyamula alendo okaona malo ikamayandikira Santarém, m'chigawo cha Pará ku Brazil, aliyense amathamangira pamwamba kukaona madzi. Apa m'pamene mtsinje wa Tapajós, wa madzi obiriwira, umathira mu Amazon wamatope, ndipo madzi awiriwa amayenda mogundana makilomita angapo osasakanikirana.

Sitimazi zimaima maola ochepa chabe, choncho ambiri amakwera basi kupita ku Alter do Chão, mtunda woposa makilomita 30, komwe mchenga woyera umatulukira madzi akaphwera. N'kokongola ndithu, koma wofika kumeneko kokha sanaione Santarém.

Moyo wa tauniyi uli padoko. Maboti osanjikiza amapakira anthu, nthochi ndi njinga zamoto, ena kulowera ku Belém, ena ku Manaus, ulendo wogonera m'njira, ndipo wokwera aliyense amamangirira nsalu yake yolendewera yogonamo. Mumsika wa Mercadão 2000 muli nsomba za tambaqui ndi tucunaré, pirarucu wotalika kuposa munthu, ndi matumba a ufa wokazinga wa chinangwa, mbewu yomwe idafika kwathu kuno kuchokera ku South America komweko.

Tauniyi idayamba mu 1661 ngati mishoni ya wansembe João Felipe Bettendorf pakati pa anthu a mtundu wa Tapajó, omwe mbiya zawo zikusungidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya João Fona. Chondikhudza m'mbiri yake n'chakuti obwera akhala akutengako zambiri, eni nthaka n'kutsala chimanjamanja. Mu 1876 Henry Wickham adatola njere za mitengo ya mphira pafupifupi 70,000 m'derali n'kupita nazo kumunda wa zomera wa Kew, ku London. Mbande zake zidakakhazikitsa minda ku Asia, yomwe idagwetsa malonda a mphira a ku Amazon. Henry Ford adayesa kubzala mphira ku Fordlândia, kumtunda kwa Tapajós, kuyambira 1928, koma matenda a masamba adamugonjetsa.

Lero ndi soya. Kuyambira 2003 kampani ya Cargill ili ndi malo opakirira padokopo, ndipo malole amabwera ndi msewu wa BR-163 kuchokera ku Mato Grosso. Kuseri kwa tauniyi nkhalango yagwa, ndipo alimi ang'onoang'ono ambiri adagulitsa minda yawo n'kusamukira m'makomboni a m'tauni momwemo.