Mphamvu ku anthu: a Scotland adalandira ndi chikwama chomwe, nanga ife a ku Likoma?

Ukaima pagombe la Yofu m'mawa asodzi akutsitsa usipa, mapiri a Mozambique amaoneka pafupi ngati ungawakhudze, pamene Nkhata Bay ali kutsidya kwa nyanja yonse. Lilongwe ndiye osanena. Komatu zambiri zokhudza moyo wathu pachilumba pano zimagamulidwa ndi anthu amene sadakwerepo Ilala, osadziwa n'komwe kuti mwera ukakalipa ulendo umaima, ufa ndi sopo n'kukwera mtengo.

Sitima ya Ilalayo idapangidwa ku Scotland, ndipo idayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Tsono poti takhala tikukwera sitima yawo zaka zonsezi, tiyeni tione zomwe anthu a ku Scotland adachita atatopa ndi kulamulidwa kuchokera ku London.

Mu 1997 iwo adachita riferendamu, monga tidachitira ife mu 1993 posankha matipate. Anthu 74 mwa 100 alionse oponya voti adati akufuna nyumba ya malamulo yaoyao, ndipo idatsegulidwa ku Edinburgh mu 1999 ndi aphungu 129. Sadachoke mu United Kingdom ayi. Zankhondo ndi ubale ndi maiko ena zidatsalabe ku London, koma zaumoyo, maphunziro ndi ulimi zidabwera m'manja mwao, pamodzi ndi ndalama zoyendetsera.

Phindu lake lidaoneka. Mu 2002 adayamba kusamalira okalamba kwaulere. Ana a ku Scotland salipira fizi m'mayunivesite a kwao, pamene anzao a ku England amalipira. Kuyambira 2011 mankhwala olembedwa ndi dokotala ngaulere. Mu 2005 adafika posaina pangano la mgwirizano ndi Malawi, Jack McConnell mbali iyo, Bingu wa Mutharika mbali ino. Sikuti kumeneko mavuto adatha, koma munthu akakwiya amadziwa khomo logogoda, ndipo khomolo lili pafupi.

Nanga ife? Mu 1998 dziko lino lidakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono. Chaka chotsatira, chomwe chija a Scotland ankatsegula nyumba yao, Likoma ndi Chizumulu zidachoka pansi pa Nkhata Bay n'kukhala boma palokha. Tisaname, chimenechi chidatithandiza. Kale kakalata kakang'ono kofuna chidindo cha a DC kankadya sabata yathunthu, kudikira sitima popita, kudikiranso pobwera. Lero munthu wa ku Yofu amapita wapansi, madzulo ali pakhomo.

Koma abale anga, chidindo si mphamvu. Makhansala oyamba tidawasankha mu 2000, nthawi yao n'kutha mu 2005, ndiye dziko lidakhala zaka 9 popanda khansala mpaka chisankho cha 2014. Mu 2010 lamulo lidasinthidwa kuti aphungu azivota nao m'makhonsolo ndiponso kuti bwanamkubwa azisankhidwa ndi nduna. Munthu amaopa amene adamuika pampando. Ndondomeko ya 1998 idanenanso kuti makhonsolo azilandira K5 pa K100 iliyonse ya ndalama za boma, koma kwa zaka zambiri makhonsolo akhala akulira kuti zimabwera zoperewera, mochedwanso. Kumeneko ndi kumpatsa munthu bwato, nkhafi n'kutsala nayo.

Ena amati Likoma ngwamng'ono, alibe anthu odziwa ntchito. Zoona, kalembera wa 2018 adapeza anthu osakwana 15,000 m'boma lonse. Koma chilumba chino chidalandira amishoni a UMCA mu 1885, ndipo chakhala chikutumiza aphunzitsi, ansembe ndi akalaliki kumtunda konse. Agogo athu adamanga tchalitchi cha St Peter's ndi manja ao. Zidzukulu zao zingalephere kusankha pakati pa mjigo ndi chipinda cha sukulu?

Ena amati ndalama zikabwera kuno zibedwa. Mantha amenewo ali ndi maziko, koma Cashgate ya 2013 idachitikira ku Capital Hill, osati kwa a T/A Mkumpha. Pachilumba tonse timadziwana. Wakuba wa pafupi timakumana naye kutchalitchi ndi kumaliro, wa kutali timangomumvera pawailesi.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Misonkhano ya chitukuko ya m'mudzi tisamaisiyire amfumu okha. Khansala akabwera ku Yofu timufunse kuti khonsolo yalandira zingati, zagwira ntchito yanji, ndipo mapepala ake amatidwe poyera. A Scotland sadapatsidwe nyumba yao atakhala chete, adailirira zaka zambirimbiri. Ife dzina la boma tili nalo kale. Tsopano tifunse chikwama, poti fodya wako ndi uyo ali pamphuno.