MLIMI ASANASAMUTSE BANJA LACE

Caka ndi caka, anthu akatha kukolola, m'miseu ya cigawo ca Kum'mawa mumaoneka ngolo ndi magalimoto zitasenza mitondo, mphasa, malata ndi zitete za nkhuku. Amenewa ndi mabanja amene ali kusamuka. M'midzi yambiri yozungulira Chipata ndi Katete anthu aculuka, minda yacepa, ndipo nthaka yatopa, kotero kuti mnyamata akakwatira sapeza polima pomkwanira. Bvuto limeneli si la lero. M'caka ca 1941 Boma linagula dziko la kampani ya North Charterland, ndipo anthu a m'malo opanikizana anasamutsidwira m'dziko limenelo. Masiku aja Boma ndilo linali kusankha malo. Lero mwini banja asankha yekha, ndipo akalakwa obvutika ndi mkazi wace ndi ana ace.

Ambiri amanyengedwa ndi mbiri ya pamsika, yakuti kwakuti-kwakuti malo ali a ulere ndipo cimanga cibereka popanda fetereza. Komatu mtengo wa malo suli ndalama zokha zimene munthu apereka tsiku loyamba. Munda wa ulere umene uli kutali ndi madzi, kutali ndi mseu ndi kutali ndi cipatala udzadya ndalama za banja caka ciri conse kufikira kuposa mtengo wa munda wa pafupi ndi boma.

Cifukwa cace munthu ayenera kukaona malowo ndi maso ace, ndipo osati kamodzi kokha iai. Ulendo woyamba ukhale wa mwezi wa October, dzuwa litafika pacimake. Nthawi imeneyo malo sangathe kunama. Afunse akazi a m'mudzimo kumene ali kutunga madzi, ndipo ayende nao kufikira ku citsime kapena ku mjigo, kuti adziwe kutalika kwace. Aone ngati dambo liri ndi cinyezi cakuti munthu angalimepo dimba, pakuti m'cilala ca 2024 mabanja okhala ndi madimba anali ndi pothawira pamene cimanga ca m'minda cinapsa. Ulendo waciwiri ukhale wa February, mitsinje itadzala. Apo ndi pamene adzaona ngati galimoto lifika, ngati ana aoloka bwino popita ku sukulu, ndiponso ngati mkazi wodwala usiku angathe kutengedwa kunka ku cipatala. Ndipo mwamuna asapite yekha maulendo onse awiri. Mtsuko adzasenza ndi mkazi, tsono iyenso akaone.

Nthaka imadziwika ndi zomera zace. Pamene pali nsenjere, udzu wautali wa cipeta ndi mitengo ya msangu, nthaka kawirikawiri iri ya mphamvu. Pamene pali misuku yokhayokha pa tsangalabwi, cimanga sicicedwa kufuna fetereza wambiri. Mlendo ayang'anenso m'minda ya eni mudzi: akaona kaufiti atafiira pakati pa cimanga, adziwe kuti nthaka ya pamenepo inatopa kale monga imene ali kuithawa.

Ku cigwa ca Luangwa, monga ku Mambwe, malo apezeka mosabvuta, ndipo thonje licita bwino. Koma kumeneko kuli kotentha, malungo ngambiri, kashembe alwalitsa ng'ombe, ndipo midzi yoyandikana ndi nkhalango za nyama imagawana mbeu zace ndi njobvu. Munthu wa ku mtunda amene cuma cace ndi ng'ombe zolimira aganize kawiri.

Ena safuna mudzi, afuna boma leni-leni. Chipata, amene anachedwa mzinda m'caka ca 2017, ali ndi misika yaikulu ndi masukulu ambiri, koma kumeneko nyumba ya lendi, makala, ndiwo ndi madzi zonse zifuna ndalama, ndipo mlimi wopanda nchito ya malipiro angathe kudya ndalama za fodya wace miyezi yowerengeka yokha. Maboma a pa mseu waukulu wa ku Lusaka, monga Katete, Sinda, Petauke ndi Nyimba, ali ndi ubwino wakuti ogula ntedza, soya ndi mpendadzuwa afikako okha, ndipo munthu angathe kukhala pafupi ndi msika koma nalima munda wofikika pa njinga. M'madera amenewa mulinso zipatala zodziwika, monga St Francis ku Katete, Nyanje ku Sinda ndi Minga ku Petauke. Palinso maboma atsopano a m'caka ca 2018, ndiwo Kasenengwa, Chipangali, Lumezi, Chasefu ndi Lusangazi. Dzina lakuti boma lisamkope munthu. Akaone ngati sukulu ya sekondale, cipatala ndi depoti ya FRA zirikodi pafupi ndi pamene afuna kumanga. Ciyambire 2022 m'masukulu a Boma mulibe malipiro kufikira Grade 12, koma sukulu ikakhala kutali mwana adzafuna kogona ndi cakudya, ndipo zimenezo atulutsa ndi makolo.

Pa za malo, lamulo la 1995 ligawa dziko pawiri. Dziko la mafumu lipemphedwa kwa nyakwawa, ndipo nyakwawa apita nayo nkhani kwa mfumu. Dziko limeneli siligulitsidwa, ngakhale mwambo wa kuthokoza ulipo. Wofuna pepala la zaka 99 pa dziko lotere ayenera kupeza cibvomerezo ca mfumu ndi ca khonsolo. M'boma mapuloti aturukira ku khonsolo. Munthu amene agulitsa puloti pansi pa mtengo, wopanda kalata ya khonsolo, agulitsa mlandu. Njira yacitatu ndiyo malo amene Boma linapatula kuti alimi akhazikikemo, monga Ukwimi, kumene kunali kukhala othawa nkhondo a ku Mozambique asanabwerere kwao m'caka ca 1994. Ofesi ya boma liri lonse ifotokoza kapemphedwe kace. Njira iri yonse imene munthu atsata, malire ayendedwe masana, eni minda yoyandikana alipo, ndipo zolankhulidwa zilembedwe.

Tsono pali cinthu cimene sicigulidwa, ndico kulandiridwa. Mudzi wolandira alendo udziwika ndi alendo amene anafikamo kale. Munthu afune banja limene linabwera zaka zisanu zapitazo, akhale nalo pansi madzulo, nalifunse: kodi munda umene anapatsidwa ali nao cikhalire? Kodi atagwetsa mitengo ndi kuzula zitsa sanatulukire wina wonena kuti mpa agogo ace? Kodi atafedwa anthu anabwera kudzakumba manda? Funso lotsirizali liposa onse, pakuti mudzi umene uika mwana wa mlendo monga wao ndiwo mudzi wokhalamo. Mlendo nayenso ali ndi mangawa ace. Amene sapezeka pa maliro, pa nchito ya mseu kapena pa kuumba njerwa za sukulu asadabwe nkhokwe yace ikapsa anthu naimirira patali.

Mwambo wa malowo ufunsidwenso. Kwa Acewa ndi Ansenga mbumba iwerengedwa kucikazi, pamene kwa Angoni ndi Atumbuka iwerengedwa kucimuna. Mwini banja afunse poyera, nyakwawa ali kumva, kuti iye akamwalira munda udzakhala wa yani, kuti mkazi wamasiye asadzauzidwe kubwerera kumene anacokera. Oganiza zooloka Luangwa kunka ku Mkushi kapena ku Serenje akumbuke kuti ana ao adzapeza Cibemba m'sukulu m'malo mwa Cinyanja. Ang'ono-ang'ono sacedwa kuzolowera, koma wa m'kalasi ya mayeso nkwabwino atsale kwa abale kufikira atalemba.

Ziweto siziyenda popanda kalata ya a zanyama. Makamaka nkhumba: cifukwa ca cigodola, pali ciletso ca kale ca kuzitulutsa m'cigawo cino, motero wopita kutali azigulitse asananyamuke.

Nthawi yabwino yosamuka ndiyo June kapena July, nkhokwe iri yodzala, udzu wofolera ulipo, ndipo njerwa ziuma msanga. Kumene kuli kotheka, bambo ndi mwana wamkulu atsogole kukamanga ndi kuswa mphanje, ena onse natsatira nyumba itafoleredwa. Banja litenge cakudya ca caka cathunthu, pakuti mphanje sidyetsa anthu caka coyamba, ndipo munda wakale usatayidwe msanga, koma usiyidwe m'manja mwa mbale kufikira zokolola ziwiri zitaoneka. Atafika, mlimi akadzionetse kwa mlangizi wa zaulimi wa dera limenelo ndi kulowa m'kopaletivu ya komweko mvula isanayandikire, cifukwa dzina lace likatsala m'buku la kwao kwakale, fetereza wa FISP sadzamtsata yekha.