Ganyu yoimba gitala imayambira kunyumba

Tsiku loyamba kulowa m'situdiyo ndidatulukamo nditazolika. Ndimaphunzitsa pasukulu ina yasekondale yoyendera kumtunda kwa boma la Ntcheu, kufupi ndi Tsangano, ndipo gitala ndidayamba kuigwira ndili mwana. Kutchalitchi, paukwati ngakhale pamaliro, akafuna woimba gitala amanditumira mwana. Choncho mayi wina wa m'kwaya yathu atandipempha kuti ndikamuimbire gitala m'nyimbo zake zitatu zomwe amafuna kujambula, ndidavomera nthawi yomweyo. Mumtima ndinkati nyimbo zomwe timaimba sabata iliyonse sizingandivute.

Mayiyu adagulitsa mbatata yake ya kachewere kuti apeze ndalama yolipirira situdiyo ndi thiransipoti ya tonse awiri. Tidanyamuka m'mamawa wa mwezi wa July kuli chisanu ndi nkhungu, gitala nditaikulunga m'chitenje. Minibasi idatsika nafe mumsewu wa M1, kudutsa paboma ndi pa Kampepuza, n'kukhota pa Chingeni kulowera ku Balaka komwe dzuwa lidali litaswa kale. Situdiyo yake idali kachipinda m'nyumba ya mnyamata wina, muli kompyuta, maikolofoni imodzi ndi mabulangete okhomedwa m'khoma.

Mnyamatayo adandiveka mahedifoni n'kundiuza kuti ndiyese. Nditangokhudza nsambo, adatembenuka.

"Aphunzitsi, nsambozi mudasintha liti?"

Sindidakumbuke. Zidali zitachita dzimbiri ndipo mawu ake adali ogontha ngati ng'oma yonyowa. Nsambo ina inkakhudza kachitsulo kapakhosi pa gitala n'kumalira ngati njuchi. Ndikachuna, pakutha mphindi zochepa gitala yasokonekeranso. Wotchi yanga inkagunda thabwa, mpando unkalira, ndipo zonsezi zinkamveka m'mahedifoni. Choipitsitsa n'choti kaphokoso kosunga nthawi kamene kompyuta imaliza, kamene anzathu a m'situdiyo amati kiliki, ndinkakasiya m'mbuyo nyimbo ikafika pokoma. Maola anayi adatha titajambula nyimbo imodzi yokha, nayonso yosalongosoka.

Pobwerera mayi uja adakhala chete mpaka tidadutsa pa Kampepuza. Kenako adati: "Musadandaule aphunzitsi, tidzabweranso tikakolola." Kukadakhala bwino akadandikalipira. Ndidazindikira kuti maola omwe ndidawononga aja idali mbatata yake, feteleza wake ndi thukuta la ana ake.

Ndalemba nkhaniyi kaamba ka achinyamata ambiri omwe masiku ano akuitanidwa kukaimba gitala m'nyimbo za anzawo. Kuimbira mpingo ndi kujambula ndi ntchito ziwiri zosiyana. Mpingo umakhululuka chifukwa mawu a kwaya, ng'oma ndi kuwomba m'manja zimakwirira zolakwika zako. Maikolofoni imatola chilichonse, ndipo chomwe yatola chimamveka nthawi iliyonse nyimboyo ikaseweredwa.

Ife a ku Ntcheu tili ndi mwayi wokhala pafupi ndi Balaka. Gulu la Alleluya Band lidayambira kumeneko mu 1978, ndipo situdiyo ya Imbirani Yahweh ya Paul Banda idatulutsa zimbale zomwe zidavinitsa dziko lonse m'zaka za m'ma 1990. Tikamakumbukira nthawi imeneyo timatchula mayina a omwe ankatsogolera nyimbo, monga malemu Lucius Banda yemwe adatisiya mu 2024. Koma kuseri kwa chimbale chilichonse kumakhala anthu ogwira gitala, besi, kiyibodi ndi ng'oma omwe ntchito yawo ndi kukometsa nyimbo ya mnzawo. Ena amakhala a m'gulu lomwelo, ena amangoitanidwa tsiku limenelo, n'kulandira zawo, n'kumapita. Awa ndiwo ndikuwatcha oimba aganyu.

Ganyu imeneyi siyonyozeka. Erik Paliani, Mmalawi mnzathu, adatchuka ku South Africa poimba gitala ndi kukonza nyimbo za ena, kuphatikizapo Zamajobe ndi Hugh Masekela. Malemu Ray Phiri wa gulu la Stimela, yemwe bambo ake adachokera kuno ku Malawi, ndiye adaimba gitala m'nyimbo zambiri za chimbale cha Graceland cha Paul Simon mu 1986. Anthu otere amaitanidwa chifukwa woitanayo amadziwa kuti akabwera ntchito iyenda ndipo nthawi siwonongeka.

Chaka chonse chotsatira ndidakhala ndikufunsa kwa odziwa, paja safunsa adadya phula. Zomwe ndidatola ndi izi.

Choyamba ndi nsambo. Nsambo zachitsulo zikakhalitsa zimadzala thukuta ndi litsiro, mawu ake amafa ndipo sizichunika bwino. Komanso nsambo zongomangidwa kumene zimatamuka, moti ukaziika m'mawa wa tsiku lojambula udzangokhalira kuchuna. Ine ndimasintha zonse 6 kutatsala masiku awiri kapena atatu, n'kuzikoka pang'onopang'ono ndi zala, n'kuziimba madzulo aliwonse kuti zikhazikike. Ndimatenganso zina zapadera m'thumba, chifukwa nsambo yopyapyala ija imaduka pomwe ukuifunitsitsa. Kwathu kuno nsambo sizipezeka pagolosale, choncho ndimaitanitsiratu kwa wina wopita ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

Chachiwiri ndi gitala yeniyeniyo. Imba nsambo iliyonse pa kachitsulo kalikonse kapakhosi, tomwe oimba amati mafureti, kuyambira kumutu mpaka kumimba, ukumvetsera ngati pali polira njuchi. Gwedeza gitalayo umve ngati muli chogubuduka m'kati kapena ngati zomangira nsambo zakhwepa. Yesanso ichi: imba nsambo osaigwira, kenako uigwire pa fureti ya nambala 12. Mawu awiriwa ayenera kufanana, achiwiriwo okwera chabe. Akasiyana, gitalayo idzamveka yosachuna ukamakwera khosi ngakhale uchune bwanji, ndipo ikufunika mmisiri tsiku lojambula lisadafike.

Chachitatu ndi nyengo. Gitala ndi thabwa ndi chitsulo, ndipo zonse ziwiri zimamva kutentha, kuzizira ndi chinyezi. Gitala yomwe yachunidwa m'chisanu cha ku Tsangano singafike ku Balaka ili chimodzimodzi. Ukafika, itulutse m'chikwama ikhale m'chipinda chojambuliramo kwa mphindi ngati 30 kuti izolowere, kenako uchune. Usadalire khutu lokha. Pafoni pali mapulogalamu aulere ochunira gitala, ndipo muyezo womwe zida zambiri zimatsata ndi woti kiyi ya A ikhale pa 440. Ukachuna ndi khutu ukhoza kugwirizana ndi iwe mwini koma n'kusemphana ndi kiyibodi yomwe idzaikidwe pambuyo. Chuna usadayambe kujambula kulikonse, ndipo ukaika kapo pakhosi uchunenso.

Chachinayi, chomwe chidandivuta kwambiri, ndi kusunga nthawi. M'situdiyo zambiri zamakono zida sizijambulidwa pamodzi. Gitala imalowa payokha, besi payokha, mawu pawokha, ndipo chomwe chimazilumikiza ndi kiliki ija. Ukathamanga pang'ono pakolasi, aliyense wobwera pambuyo pako apunthwa pomwepo. Ndidaika pulogalamu ya kiliki pafoni n'kumayeserera mphindi 20 tsiku lililonse ndikaweruka, kuyamba ndi liwiro lochepa. Ndinkadzijambula pafoni yomweyo n'kumvetsera. Zinkawawa kumva, koma ndidayamba kuzindikira pomwe ndimathawa. Luso limeneli limathandizanso wokonza nyimbo akafuna kuti uimbe gawo limodzi kawiri mofanana, kuti gitala ina imveke kumanzere ina kumanja.

Chachisanu ndi nyimboyo. Pempha mwini wake akutumizire pa WhatsApp ngakhale ataimba ndi pakamwa pokha. Gwirizanani kiyi yomwe mawu ake amakhala bwino, osati yomwe zala zako zimakonda. Lemba papepala ndondomeko yonse: poyambira, ndime zingati, kolasi kangati, pothera pati. Ndipo kumbukira kuti nyimboyo siyako. Ine ndinkakonda kudzadza paliponse ndi tizokometsera kuti anthu adziwe kuti ndimatha. Ndidaphunzira kuti woimba akamatulutsa mawu, gitala izikhala pansi, ndipo iziyankha pomwe iye wapuma. Mwini nyimbo akati sakufuna gawo lomwe waliyeserera sabata yonse, lisiye popanda kunyinyirika.

Chachisanu n'chimodzi ndi za m'chipinda. Ambiri timaganiza kuti maikolofoni iloze pabowo la gitala chifukwa mpomwe pamatuluka mawu. Pamenepo mawu amakhala okhuthala mopyola, ngati ukuimbira mumtsuko. Malo omwe akatswiri ambiri amayambira ndi pomwe khosi limakumana ndi mimba ya gitala, cha pa fureti ya nambala 12, maikolofoni itatalikira masentimita 20 mpaka 30. Akaiika, usasunthesunthe chifukwa mawu amasintha. Vula wotchi ndi zibangili, pewa malaya a mabatani omwe amakhula kumsana kwa gitala, wenga zikhadabo za dzanja logwira khosi, sankha mpando wosalira ndipo zimitsa foni. Ngati mukujambulira kunyumba, chipinda chopanda kanthu chimabweza mawu, choncho matiresi, mabulangete ndi makatani amathandiza. Nyumba yamalata nthawi yamvula siyojambuliramo, ndipo m'mudzi nthawi yabwino ndi pomwe chigayo chazima ndi nkhuku zalowa.

Wina asataye mtima poganiza kuti popanda zipangizo zodula palibe chomwe angachite. Nyimbo za Zomba Prison Project adazijambulira m'ndende ya Zomba mu 2013, ndipo chimbale chake chidalowa nawo mumpikisano wa mphoto za Grammy mu 2016. Ku Chiradzulu, agogo athu a Giddes Chalamanda akhala akusangalatsa dziko kwa zaka zambirimbiri ndi gitala yopanda magetsi. Chida chosamalidwa ndi munthu wokonzeka zimaposa chipinda chokongola.

Pali kukonzekera kwina komwe ambiri timachita nako manyazi, ndiko kukambirana za malipiro ndi dzina. Chifukwa choti woitana amakhala mnzako kapena wa mpingo umodzi, timangoti tidzaona tikamaliza. Mawu amenewa adanitsa anthu ambiri. Ndidaimbirapo mnyamata wina nyimbo ziwiri zomwe zidamveka pawailesi, koma ndalama sindidaione ndipo dzina langa silidatchulidwe paliponse. Sindingamuimbe mlandu waukulu chifukwa sitidapangane chilichonse.

Vutoli si la kuno kokha. Ku Detroit m'dziko la America, gulu la oimba zida lotchedwa Funk Brothers lidaimba m'nyimbo zambiri zotchuka za kampani ya Motown m'zaka za m'ma 1960, koma mayina awo sankalembedwa pazimbale mpaka mu 1971 pomwe chimbale cha What's Going On cha Marvin Gaye chidawatchula. Ngati zidachitikira akatswiri otere, kuli bwanji iwe ndi ine?

Tsopano ndisadanyamuke ndimafunsa mafunso anayi. Kodi malipiro ndi a nyimbo iliyonse kapena a tsiku? Thiransipoti ndi chakudya alipira ndani? Tikafunika kubwereza tsiku lina zikhala bwanji? Nanga dzina langa lilembedwa pachikuto ndi pomwe nyimboyo idzaikidwe pa intaneti? Mayankho ake timalemberana, ngakhale pa uthenga wapafoni. Ngati ndathandiza kupeka gawo la nyimbo, osati kungoimba zomwe andiuza, ndimanena poyera tsiku lomwelo. Dziko lino lili ndi bungwe la Copyright Society of Malawi, COSOMA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992, komanso lamulo la umwini wa zaluso la 2016. Ndi bwino woimba aliyense afunse kumeneko za ufulu wake nyimbo isadatuluke, kusiyana ndi kukadandaula itatchuka kale. Ndipo ngati wasankha kuimba mwaulere pothandiza mpingo kapena mbale, nenanso poyera kuti pasadzakhale kung'ung'udza.

Chaka chotsatira mayi uja adakololanso, ndipo adabwera kunyumba kudzandikumbutsa. Ndidamuuza kuti ulendo uno sindilandira kanthu ndipo thiransipoti ndidzilipirira ndekha, chifukwa ndidali ndi ngongole kwa iye. Tidayeserera masabata atatu m'kalasi ana akaweruka, foni ili patebulo ikuliza kiliki. Gitala ndidaisokera chikwama cha siponji kwa telala wa pamsika, ndipo mu minibasi ndidaifungatira pamiyendo.

Mnyamata wa situdiyo uja atandiona adamwetulira. Ndidatulutsa gitala, ndidaisiya kuti izolowere, ndidavula wotchi n'kuiika m'thumba, kenako ndidachuna. Nyimbo ziwiri zotsala zija, pamodzi ndi yoyamba yomwe tidaibwereza, zidatha dzuwa lisadapendeke. Panali polakwika ndithu, koma tinkangobwereza malo ochepa.

Nyimbo za mayiyu sizidafike patali. Zimamveka paukwati ndi m'mafoni a anthu a kwathu, ndipo iye amakhutira nazo. Pachikuto cha chimbale chake, pansi pa dzina lake, padalembedwa langa ndi mawu oti gitala. Ana a sukulu omwe ndimawaphunzitsa gitala Lachisanu masana amafuna ndiwaonetse zala zothamanga, koma phunziro loyamba limakhala kusintha nsambo, kuchuna ndi kuwerenga nthawi. Ena amatopa n'kusiya. Otsalawo ndimawauza kuti tsiku lina munthu adzagulitsa mbatata yake kuti awaitane, ndipo adzafunika kufika atakonzeka.