Kudziwiratu kutentha kwa madzi: Mbenji ndi nyanja za kutali

Disembala akakwana, asodzi a pa chilumba cha Mbenji ku Salima amapinda makoka, n'kulongedza katundu m'mabwato kubwerera kumtunda. Mfumu Makanjira ikatseka usodzi, palibe woponya khoka mpaka cha mu Epulo. Mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo utaka wonenepa wa pachilumbapo ndiwo umboni wake. Boma nalo limatseka makoka ena pa Nyanja ya Malawi kuyambira Novembala kuti chambo chiswane.

Malamulo onsewa amatsata kalendala, pomwe madzi a chaka chino si a chaka chatha.

Asodzi a ku America anaziona zimenezi mowawa. Pakati pa 2013 ndi 2016, madzi a kumpoto chakum'mawa kwa nyanja ya Pacific anatentha modabwitsa, nsomba ya cod ya ku Gulf of Alaska n'kuchepa, mpaka boma linatseka usodzi wake mu 2020. Ku nyanja ya Bering, kutentha kwa mu 2018 ndi 2019 kunachititsa kuti matupi a nkhanu zotchedwa snow crab azifuna chakudya chochuluka kuposa chimene chinalipo. Nkhanu pafupifupi 10 biliyoni zinatha, makamaka ndi njala, ndipo mu 2022 usodzi wake unatsekedwa koyamba m'mbiri.

Chaka chomwecho akatswiri a bungwe la ku America la NOAA anaonetsa kuti makompyuta olosera zanyengo angathe kuneneratu kutentha kotereku kudakali miyezi, m'madera ena mpaka 12, makamaka kumene El Niño ali ndi mphamvu. Chenjezo lotere limapatsa akuluakulu mpata wochepetsa nsomba zololedwa kugwidwa kapena kusuntha tsiku lotsegulira. Ku Peru, madzi atatentha mu 2023, boma linaimitsa nyengo yoyamba yogwira anchoveta, kansomba kooneka ngati usipa, litaona kuti m'madzimo mwachuluka ting'onoting'ono.

Kwathu kuno chenjezo lilipo, koma ndi la masiku ochepa. Nthambi yoona zanyengo imalengeza za mwera kuti mabwato asagubuduzike. Komatu mwera womwewo ndi umene umavundula nyanja m'nyengo yozizira, n'kukweza madzi achonde a pansi amene amameretsa chakudya cha usipa. Madzi apamwamba akafunda amapepuka, ndipo kuvundukako kumachepa. Kafukufuku wa mu 2003 pa Nyanja ya Tanganyika anapeza kuti chakudya cha nsomba chatsika pa chifukwa chimenechi.

A ku Alaska anali ndi zipangizo, ife tili ndi mafumu ndi makomiti a m'madoko amene asodzi amawamvera. Chikusowa ndi zida zoyeza kutentha kwa madzi mosalekeza ku Monkey Bay, Nkhata Bay ndi Karonga, komanso ulosi wa miyezi wolengezedwa pa wailesi m'Chichewa, m'Chitonga ndi m'Chiyao. Ukakhalapo, mwini khoka la chilimira adzadziwa ngati n'koyenera kutenga ngongole ya injini chaka chimenecho, ndipo mayi woyanika usipa pathandala adzakonzeratu mpamba wake.