Msampha, Nkhalango ndi Chikumbumtima Chathu

Ambiri a ife okhala ku Kuku, Chawama, Kanyama ndi makomboni ena a mu Lusaka tinakulira kumudzi, kumene mnyamata amadziwa kutchera msampha asanadziwe kulemba dzina lake. Motero wina akanong'oneza pakhomo kuti ali ndi nyama youma ya njati, timangofunsa mtengo. Koma kodi lamulo likutinji, nanga chikumbumtima chathu chikutinji?

Lamulo la nyama zakutchire la chaka cha 2015 likunena kuti nyama zimenezi zili m'manja mwa Mtsogoleri wa Dziko, amene amazisunga m'malo mwa anthu onse. Kuyambira mu 2016 ntchito yoziyang'anira ili ndi nthambi ya boma ya National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA. M'mapaki 20 a dziko lino kusaka n'koletsedwa. M'madera 36 otchedwa Game Management Areas munthu angasake ngati ali ndi laisensi, imene imatchula mtundu wa nyama ndi chiwerengero chake. Msampha wa waya ndi poizoni n'zoletsedwa. Wopezeka ndi nyama yopanda chikalata ali pa mlandu, ngakhale atanena kuti anangogula.

Waya anauletsa chifukwa susankha. Wotchera amafuna gwape, koma m'khwekhwe mumakodwa mkango, mbidzi, ngakhale chitamba cha njovu. Nyama zambiri zimawolera pomwepo mwini msampha asanabwere. Ndiponso nyama yogula mumdima palibe amene anaiyeza. Mu 2011 ku Chama anthu oposa 500 anadwala matenda a anthrax atagwira kapena kudya nyama ya mvuu zakufa, ndipo 5 anamwalira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhalango za boma nazo zili ndi lamulo lake, la chaka chomwecho cha 2015. Kudula mitengo, kutentha malasha, kudyetsa ziweto kapena kumanga m'menemo popanda chilolezo ndi mlandu. Chimodzimodzinso kuyatsa moto, chinthu chimene ana athu amachita m'chilimwe posaka mbewa. Mbewa zochepa zimalowa mu mphika, koma timitengo tambirimbiri timapsa.

Komabe tinene zoona: si waumphawi yekha amene amawononga nkhalango. Kum'mawa kwa mzinda kuli nkhalango ya Lusaka East, yodziwika ndi nambala 27, kumene kumayambira mtsinje wa Chalimbana umene umathira mu Chongwe. Inatetezedwa mu 1957. Mu 1983 chitetezocho chinachotsedwa, ndipo mtsinje unayamba kuphwa. Anthu a m'deralo anadandaula, ndipo mu 1996 Pulezidenti Frederick Chiluba anaibwezera chitetezo chake. Koma pakati pa 2017 ndi 2019 zigawo zina zinadulidwanso, nkhalango ya mahekitala oposa 1,700 nitsala ndi 716 okha. Pamene panali mitengo panamera nyumba zikuluzikulu za mipanda. Bambo wogwidwa ndi waya umodzi amagona m'chitolokosi, pamene wolanda thengo lonse ndi cholembera amagona pa matiresi. Lamulo lotere likaluma mbali imodzi, anthu amaleka kulilemekeza, ndipo Akhristu sitiyenera kukhala chete.

Njira yabwino ilipo. Ku chigwa cha Luangwa bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003, limalandira mfuti ndi mawaya kuchokera kwa osaka, n'kuwaphunzitsa ulimi ndi kuweta njuchi, kenaka n'kumagula zokolola zawo. Munthu amene nkhokwe yake yadzaza sapita kukatchera usiku. Kuno kwathu, mbali ina ya nkhalango yakale ya nambala 26 inasanduka Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015. Banja lingalipire pachipata ndi kuonetsa ana mbidzi ndi nyumbu zamoyo, zimene ambiri a iwo amangoziona m'mabuku a kusukulu.

Buku la Genesis limatiphunzitsa kuti munthu anaikidwa m'munda ngati mlimi ndi mlonda wake. Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anatikumbutsa kuti dziko likawonongeka oyamba kuvutika ndi osauka. Ife a m'komboni tikudziwa zimenezi, pakuti ndife timaima pamzere wa madzi mbandakucha.

Tsono tiyambe ndi zimene zili m'manja mwathu. Amayi, funsani chikalata musanagule nyama yakutchire. Ngati palibe, bwezani. Abambo, musatumize waya kumudzi. M'Miphakati yathu tikambirane nkhaniyi, ndipo aphungu ndi makhansala akabwera kudzapempha mavoti, tiwafunse za nkhalango zimene zatsala. Mutu umodzi susenza denga.