Mmene ndimawerengera pulani ya nyumba yosanja

Pakati pa anthu a ku Mwanza amene Chauta wawadalitsa ndi kangachepe, kaya kudzera m'malonda a pachipata cholowera ku Zobue, kaya m'manachesi, kaya m'thukuta la ana awo okhala ku Johannesburg, pabuka khumbo lomanga nyumba zosanja; ndipo popeza ntchito yanga ndi yojambula ndi kuunika mapulani, ambiri amafika kwa ine pepala lili m'manja, nandilozera khonde lam'mwamba ndi mazenera aakulu, osadziwa kuti maso anga ali kwina, pakuti akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndisanayamikire kanthu kalikonse, ndimatenga tsamba la zipinda zam'mwamba, n'kulisanjika pa tsamba la zipinda zapansi, n'kuwaunika onse awiri pa kuwala, kuti ndione ngati khoma lililonse lam'mwamba laima pa khoma linzake, kapena pa mtanda wa konkire wochirikizidwa ndi nsanamira. Khoma loima pakatikati pa balaza lalikulu, pansi pake popanda chogwira, ndilo limene limabala ming'alu patapita zaka. Mwini nyumba adziwe kuti silabu yochindikala masentimita 15 imalemera pafupifupi makilogalamu 360 pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndiko kunena kuti matumba asanu ndi awiri a simenti ndi kupitirirapo, pasanalowe munthu, kama kapena njerwa. Ndipo katundu yenseyo ayenera kupeza njira yowongoka yotsikira ku maziko. Kuchuluka kwa zitsulo zolowa m'silabu ndi m'nsanamira si ine ndimalamula, ndi injiniya, amene ali ndi mapepala akeake, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Ndipo amene akukumbukira chivomerezi cha ku Karonga cha 2009, kapena namondwe Freddy wa mu 2023, sadzayesa malipiro a injiniya ndalama zotayika, makamaka kuno kwathu kumene malo ambiri ndi otsetsereka, ndipo maziko a mbali imodzi akhoza kukhala pa thanthwe pamene a mbali ina ali pa dothi lothira.

Koma chimene ndimachedwapo kwambiri ndi masitepe, pakuti apa ndi pamene wojambula wosasamala amaba malo kuti akuze balaza. Walira mvula walira matope: amene wafuna nyumba yosanja wafunanso kukwera ndi kutsika masiku onse a moyo wake, pa unyamata ndi pa ukalamba pomwe. Sitepe iliyonse isatalike kuposa masentimita 18, popondapo pasachepere masentimita 25, onse akhale ofanana kuyambira pansi kufikira pamwamba, m'lifupi mukhale pafupifupi mita imodzi, ndipo pakati pakhale popumira ndi chogwirira. Ndikamayeza zimenezi ndimalingalira za mayi woyembekezera, za mwana wongoyamba kuyenda, za wodwala amene anyamulidwa usiku kupita ku chipatala, ndiponso, ngakhale sitikonda kutchula, za tsiku la zovuta, pamene amuna anayi ayenera kutembenuka pangodya atasenza mbale wawo. Ndicho chifukwa chake sindivomereza pulani yopanda chipinda chogona chimodzi pansi, choyandikana ndi bafa, cha agogo lero ndi cha eni nyumba mawa. Ndipo khomo lake lisayang'anizane ndi la eni banja kapena ndi njira yawo ya ku bafa, popeza ulemu wa pakati pa mkamwini ndi apongozi sudathe chifukwa nyumba yakwera m'mwamba.

Za khitchini ndimafunsa amayi a pakhomopo, osati abambo. Mapulani ambiri okopedwa pa intaneti amaika khitchini pakati pa nyumba, ngati kuti magetsi sathima ndipo mbaula idatayidwa. Pamene ife tifuna khomo lotulukira kuseri, khonde lophikirapo nsima ya anthu ambiri, ndi mosungira matumba a chimanga. Bafa lam'mwamba likhale pamwamba pa bafa lapansi, kuti mapaipi atsike njira imodzi, ndipo ngati padzakhala thanki ya madzi pamwamba, injiniya auzidwe msanga, pakuti malita 1,000 ndi tani yathunthu.

Zonsezi zikakonzedwa papepala, pamene kusuntha khoma kumangodya chofufutira, pulaniyo ipite ku khonsolo ya boma la Mwanza kukavomerezedwa monga malamulo a kamangidwe afunira, njerwa isanayalidwe ndi imodzi yomwe. Pepala limodzi lodindidwa likhale ndi mmisiri pamalo omangapo, ndipo akathira silabu, mitengo yochirikiza isachotsedwe mwaphuma kufikira injiniya atalola, chifukwa konkire, pothiriridwa madzi masiku oyambirira, imafika pa mphamvu yake yowerengedwa patatha masiku 28.