LIPOTI LALITALI LIMABISA NGOZI

Aliyense amene anapitako ku cipatala ca Kanyama, Matero kapena Chawama mu mzinda wa Lusaka adziwa kuti masiku ano mbiri ya wodwala siilembedwa m'buku lokha ai. Zambiri zimalowa m'makompyuta mwa dongosolo la Unduna wa za Umoyo lochedwa SmartCare, ndipo ziwerengero za matenda zocokera m'maboma onse zimasonkhanitsidwa m'dongosolo lina lochedwa DHIS2, limene linapangidwa pa yunivesite ya Oslo ku Norway. Zonsezi zimasungidwa m'makompyuta akuluakulu ochedwa maseva, amene tingawayerekeze ndi nkhokwe ya mudzi wonse.

Nkhokwe imafuna mlonda. Mlonda wa seva ndi pulogalamu imene imayang'ana usana ndi usiku ngati makinawo ali ndi magetsi, ngati atentha, ngati malo osungiramo atsala pang'ono kudzala, ndiponso ngati akulankhulana ndi anzace. Pulogalamu yotere imatha kutulutsa manambala zikwi zambiri pa tsiku limodzi. Funso limene limasautsa akatswiri ndi ili: pa manambala onsewa, ndi angati ayenera kulowa m'lipoti limene munthu adzawerenga m'mawa?

Ambiri amaganiza kuti lipoti lodzala ndi manambala ndilo labwino. Koma m'caka ca 1979, pa malo opangira magetsi a nyukiliya a Three Mile Island ku America, makina atayamba kubvuta, macenjezo oposa 100 analira ndi kuyaka m'mphindi zowerengeka, kotero kuti anchito analephera kusiyanitsa cenjezo lalikulu ndi laling'ono. Makina sanawabisire kanthu, anangowauza zonse nthawi imodzi.

Cifukwa ca ici, mapulogalamu olondera amapeta nkhani asanaipereke. Imodzi mwa odziwika kwambiri, Nagios, imene inayamba mu 1999 ndi dzina lakuti NetSaint, imayankha ndi liu limodzi mwa mau anai: zili bwino, cenjerani, zabvuta, kapena sizikudziwika. Pambuyo pace pamabwera ciganizo cacifupi cofotokoza cifukwa cace. Manambala osapetawo amaikidwa kuseri kwa kamzere koimirira, ndipo woyang'anira ndiye amasankha ngati aoneke pa lipoti kapena apite kosungidwa kuti adzajambulidwe monga cithunzi ca mwezi wonse. Ndi monga acitira mai pa licero: mphale kwaokha, gaga kwaokha, koma gagayo satayidwa, pakuti tsiku lace limafika.

Nkhani imeneyi ikhudza moyo wa anthu, ndipo makomboni a Lusaka ndiwo mboni. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2017 m'madera a Chipata ndi Kanyama inagwira anthu oposa 5,000 mu Lusaka pofika mu Meyi 2018, ndipo pafupifupi 100 anamwalira. Mliri wina umene unayamba mu Okutobala 2023 unagwira anthu oposa 20,000 m'dziko lonse ndi kupha oposa 700. Bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka pa 12 Febuluwale 2024. Pa nthawi yotere bungwe la Zambia National Public Health Institute limatulutsa malipoti kawirikawiri, ndipo akuluakulu amadalira ziwerengero podziwa komboni yoyenera kulandira mankhwala a m'madzi, matanki ndi anamwino. Seva ikaima usiku, cenjezo lace n'kukwiririka pa tsamba lacisanu la lipoti, ziwerengero zimacedwa, ndipo thandizo nalo limacedwa. Kolera imatha kupha munthu m'maola ocepa cabe. Caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, cinaonetsa kuti makina otere safuna mlonda wogona.

Komabe kupeta mopitirira nako kuli ndi bvuto lace. Lipoti lonena kuti zonse zili bwino, lopanda nambala ngakhale imodzi, silingauze munthu kuti nkhokwe ya makina yakhala ikudzala pang'onopang'ono kwa milungu itatu. Cimodzimodzi, ciwerengero cimodzi ca Lusaka yense cingabise kuti odwala acuruka ku George pamene ku Kalingalinga ndi Mtendere kuli bata. Nambala imapindula ikaima pafupi ndi muyeso wace. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse limanena kuti pamene cithandizo cili cabwino, omwalira ndi kolera sayenera kufika mmodzi pa odwala 100. Mu Lusaka mu 2017 ndi 2018 anali pafupifupi awiri pa 100, ndipo manambala awiri okhawa akunena zambiri kuposa masamba khumi.

Motero lamulo la akatswiri ndi lakuti lipoti lisokedwe molingana ndi wolibvala. Mkulu wa cipatala afuna mizere yowerengeka yonena cimene cabvuta, kumene cabvuta ndi nthawi imene cinayamba. Wokonza makina afuna manambala onse, ndipo ayenera kuwapeza mosabvuta pamene awafuna.

Inu a kumidzi amene muli m'makomiti a zaumoyo, a pa mjigo kapena a makopaletivu, lamuloli ndi lanunso. Polemba lipoti kwa nyakwawa kapena kwa a ku kiliniki, yambani ndi cimene cifuna kucitidwa lero: mjigo wafa, ana atatu akutsegula m'mimba m'mudzi wakutiwakuti. Maina, masiku ndi ziwerengero zonse zikhale m'buku losungidwa bwino pouma, kuti wofunsa akabwera adzazipeze.